Asewere anga a ku India andiitanira ku Pongal: ndipite?

Funso: Mwana wanga wamwamuna anakaphunzira ku Coimbatore m'dziko la India, ndipo anakwatira mtsikana wa Chitamil wa mudzi wina kufupi ndi Madurai. Ku ukwati sindinapite chifukwa ndinkadwala. Tsopano asewere anga atumiza uthenga kuti ndikakhale nawo pa chikondwerero cha Pongal mu Januwale, akuti ndi choyamba cha anawa chilowereni m'banja. Ine ndine mayi wa mvano, ndipo ndamva kuti kumeneko amapembedza dzuwa ndi ng'ombe. Kodi mwambowu ndi wotani kwenikweni? Ndingakhale nawo osalakwira chikhulupiriro changa? Nanga ndinyamule chiyani? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Pitani, mayi. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kuitana kumene mwalandiraku n'kolemera kuposa mmene mukukuonera. Atamil ali ndi dzina lapadera la Pongal woyamba wa anthu amene angokwatirana kumene, amati Thalai Pongal. M'mabanja ambiri, tsikuli likamayandikira, makolo ndi alongo a mkazi amanyamula mphatso zotchedwa seer kupita nazo kwawo kwa mwamuna: mphika watsopano, mpunga, nzimbe, nthochi, zovala za awiriwo, ena mpaka ziwiya zamkuwa. Mtengwa amatereka mphika wake woyamba pakhomo la apongozi ake, iwo ataima pambali. Tsono pakhomo la mwamuna pano ndi ku Zomba, kutsidya kwa nyanja yamchere. Asewere anu aona kuti nzimbe zawo sizingafike kwanu, ndiye akuti bwerani inuyo, mwambo wa mwana wathu usachitike akuchimuna palibe. Ngakhale liwu loti sewere ali nalo m'chinenero chawo. Amati sambandhi, ndipo ubale umenewu amausamala ngati dzira.

Ndinakhala ku Tamil Nadu, chigawo cha kummwera kwa India kumene kuli Madurai, zaka zingapo ndikuphunzira za zipembedzo za kumeneko, ndipo Pongal ndinadyera m'midzi, osati m'tauni mokha. Chimene ndinaona ndi chakuti, pamtima pake, awa ndi masika. Kwathu kuno Januwale ndi mwezi wa khasu ndi nkhokwe zopanda kanthu, koma kumeneko nyengo n'zotembenuka. Mvula yawo yaikulu imagwa kuyambira Okutobala mpaka Disembala, ndipo mpunga wa nyengo yaitali, umene amautcha samba, umacha mu Januwale. Dera la Thanjavur, kumene mtsinje wa Cauvery umagawanika timitsinje usanathire m'nyanja, ndiye nkhokwe ya mpunga ya chigawo chonsecho, ndipo kwa asewere anu ku Madurai amadalira mtsinje wa Vaigai. Inu amene mumadziwa madambo a ku Domasi ndi Likangala simukakhala mlendo ndi fungo la mpunga wongomwetedwa kumene. Eni ake amatcha chikondwererochi Uzhavar Thirunal, kutanthauza tsiku lalikulu la alimi. Amati ndi nthawi yozizira, koma kuzizira kwake musakuope. Ku Madurai usiku kumatsika kufika cha m'madigiri 20, masana n'kukwera mpaka 30. Chisanu cha pa Zomba mu Juni chimaposa pamenepo kutalitali.

Tsiku lenileni limagwa pa 14 Januwale, zaka zina pa 15, ndipo ndi tsiku loyamba la mwezi wa Chitamil wotchedwa Thai. Mwezi wa m'mbuyo mwake, Margazhi, ndi wa mapemphero a m'mbandakucha, maukwati sachitika. Thai akangolowa mbewu zagulitsidwa, ngongole zibwezedwa, maukwati ayamba. N'chifukwa chake ali ndi mwambi woti Thai pirandhal vazhi pirakkum, kunena kuti Thai akabadwa njira nayo ibadwa. Pa kawerengedwe kawo ka nyenyezi, tsikuli dzuwa limalowa m'gulu la nyenyezi lotchedwa Makara n'kuyamba ulendo wobwerera kumpoto, masiku n'kumatalika. Kunena zoona dzuwa limatembenuka cha pa 21 kapena 22 Disembala, koma kalendala yawo imatsata nyenyezi, ndipo imatsetsereka ndi tsiku limodzi pa zaka pafupifupi 70 zilizonse, mpaka lero inafika pakati pa Januwale.

Musadabwe ngati mufunsa Amwenye achihindu a ku Limbe kapena Lilongwe n'kukuuzani zosiyana ndi zanga. Ambiri a iwo makolo awo anachokera ku Gujarat, kumene tsiku lomwelo amalitcha Uttarayan kapena Makar Sankranti, ndipo amalikondwerera poulutsa makaiti padenga ndi kudya maswiti a chitowe. Ku Punjab amasonkha chimoto usiku wa pa 13 Januwale, amati Lohri. Ku Assam amati Magh Bihu. Dzuwa ndi lomwelo, miyambo ndi yosiyana. Kuno kummwera kwa Africa, odziwa Pongal weniweni ndi Atamil a ku Durban, amene makolo awo anayamba kufika ku Natal mu 1860 kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe.

Tsopano ndikuuzeni za m'mawa wa tsikulo, pakuti mwambo wonse wagona pamenepo. Mudzadzutsidwa kusanache. Aliyense amasamba n'kuvala zatsopano. Mukatuluka panja mudzapeza bwalo litasesedwa, litawazidwa madzi, ndipo atsikana atawerama akujambula pansi ndi ufa wa mpunga umene amaudontheza pakati pa zala ziwiri. Zojambulazi amazitcha kolam. Amayamba ndi timadontho, kenako mzere umodzi umazungulira timadonthoto osaduka, ndipo tsiku limeneli amawonjeza mitundu, n'kujambulanso mphika wosefukira ndi nzimbe. Ufawo amati nyerere ndi mbalame nazo zidyeko. Musapondepo, lambalalani.

Pakati pa bwalo, poyang'ana kum'mawa, amaika mafuwa atatu. Ndinaima n'kuwayang'anitsitsa ulendo woyamba, chifukwa ndi mafuwa athu omwewa, kungoti ena amaika njerwa zopakidwa laimu. Pamwamba amamanga nzimbe zitatu zazitali ngati kachisakasa, nzimbe zakuda zofiirira, masamba ali pompo. Mphika ndi wadothi, watsopano, ndipo m'khosi mwake amamangamo chomera cha chikasu chozulidwa ndi mizu ndi masamba omwe, chikasu chija amasinja n'kuthira m'ndiwo, ena amati tameriki. Amathiramo mkaka ndi madzi otsukira mpunga, n'kusonkhezera moto. Kenako kudikira. Banja lonse limazungulira mphikawo, agogo, ana, ngakhale abambo amene tsiku lina lililonse sayandikira pamoto. M'mudzi umene ndinali, gogo wina anagwada akukankhira makhwatha a kokonati pansi pa mphika, maso ake osachoka pakamwa pa mphikawo, pomwe kamdzukulu kanagwira mbale yachitsulo ndi supuni kakunjenjemera ndi chidwi. Thovu linayamba kukwera pang'onopang'ono, loyera, linafika m'milomo ya mphika, n'kuima kaye ngati likuganiza. Ndiye linasefukira, kutsikira m'mbali mpaka pamoto kuti tsiii.

Pamenepo mudzi wonse umaphulika. Pongalo Pongal! Pongalo Pongal! Ana amamenya mbale, wina amaliza lipenga la chigoba cha nkhono ya m'nyanja, ndipo amayi a kumidzi amaimba nthungululu, zimene iwo amati kulavai. Inde mayi, nthungululu zenizeni, lilime likugwedezeka ngati pa chinkhoswe cha kwa Chikowi. Liwu loti pongal limachokera ku mneni wotanthauza kuwira mpaka kusefukira. Kwathu mphika ukasefukira wophika amadzudzulidwa kuti wagona, koma uko kusefukirako ndiko kukufunika, chifukwa kukunena kuti chaka chino pakhomo pano zakudya zichuluke mpaka kusowa poika. Akuluakulu amayang'ananso mbali imene thovu layambira kugwera, likagwera kum'mawa amasangalala kwambiri. Tsiku lonselo anthu akakumana amafunsana ngati mkaka wasefukira, ndiwo moni wa tsikulo.

Likatero thovu, mpamene amathira mpunga watsopano ndi mphodza zokazinga pang'ono. Zikapsa amaikamo shuga wa nzimbe wosayeretsa, wofiirira, woumbidwa mibulu, amene amati vellam, ndi mafuta a batala wosungunula, mtedza wa mbibu, mphesa zouma ndi zonunkhiritsa zotchedwa cardamom. Chotuluka ndi phala lolimba, lotsekemera, lamafuta, dzina lake sakkarai pongal. Palinso lina la mchere ndi tsabola wakuda, ven pongal, limene limadyedwa ndi ndiwo za masamba, maungu, mbatata ndi nyemba za nyengoyo. Tsiku limeneli nyama sadya.

Apa tafika pa nkhawa yanu, ndipo sindikubisirani kanthu. Chakudyacho chikapsa, asanalawe munthu, amayala tsamba la nthochi poyang'ana dzuwa, amaikapo phala lija, nthochi, kokonati woswedwa pakati ndi zina, amayatsa nyali ndi lubani, n'kugwirizanitsa manja kuthokoza dzuwa, limene kwa iwo ndi mulungu wotchedwa Surya. Kumeneko ndi kupembedza. Amene angakuuzeni kuti ndi chikhalidwe chabe, palibe za chipembedzo, sakukuuzani zonse. Koma onaninso kukula kwake. M'masiku anayi a chikondwerero, gawo limeneli limatenga mphindi zochepa, silifuna wansembe, silichitikira kukachisi, ndipo palibe amene amawerenga kuti wagwirizanitsa manja ndani. Zotsalazo ndi kusesa, kuphika, kudya, kuchezerana ndi kudalitsa ana.

Muwerenge 1 Akorinto 10:27 ndi 28 musananyamuke. Paulo akunena za munthu woitanidwa kukadya kwa wosakhulupirira: ngati akufuna kupita apite, adye zimene amuikira osafunsafunsa, koma wina akamuuza kuti ichi chaperekedwa nsembe, asadye chifukwa cha chikumbumtima cha wonenayo. Akhristu a ku Tamil Nadu komweko, amene kalembera wa 2011 anapeza kuti ndi anthu 6 pa 100 alionse, sagwirizana chimodzi pa nkhaniyi. M'maparishi ambiri a Katolika amaphika pongal pabwalo la tchalitchi Misa ikatha, kuthokoza Mulungu chifukwa cha zokolola, monga ife tichitira pa Sabata la masika. M'masukulu ndi m'maofesi amachita chimene amati Samathuva Pongal, Ahindu, Asilamu ndi Akhristu pa mphika umodzi. Koma aliponso Akhristu ena amene salawa chilichonse choikidwa pa tsamba lija. Zimenezi zikuthandizani motere: asewere anu anakula ndi anansi achikhristu, ndipo simudzakhala woyamba kuwauza kuti apa ine ndiima kaye.

Maganizo anga ndi awa. Khalani nawo pa mphika kuyambira posonkha moto mpaka posefukira, ndipo nthungululu muimbe ndi mtima wonse, pakuti kukondwera kuti anzanu akolola si tchimo. Ikafika nthawi yopereka kwa dzuwa, bwererani masitepe awiri, imani mwaulemu, muthokoze Mulungu wanu chamumtima, amene analenga dzuwalo. Akabwera ndi mbale ya lawi la moto, phulusa loyera ndi ufa wofiira wopaka pachipumi, ikani dzanja pachifuwa, weramitsani mutu pang'ono, adzadutsa. Ngati mtima wanu sukulola kudya phala loperekedwalo, pemphani mtengwa wanu akupatulireni pambali asanaike pa tsamba. Koma zonsezi zikambidwe kudakali milungu, kudzera mwa mwana wanu ndi mkazi wake, osati m'mawa womwewo pamaso pa abale. Chimene chingapweteke anthu amenewa si kukana kwanu kupembedza. Chingawapweteke ndi kukankha mbale, kapena kukwinya nkhope, kapena kuyamba ulaliki pabwalo pawo tsiku la mwana wawo. Ndinaonapo mlendo wina atachita zimenezo, ndipo mayi wa pakhomopo anakalirira kuseri kwa khola, osati chifukwa cha mulungu wake, koma poganiza kuti chakudya chake chaonedwa ngati chonyansa. Abusa anu muwauze za ulendowu, ndi bwino kupita mtima uli pansi.

Masiku enawo ndidutsamo msanga. Loyamba, tsiku lalikulu lisanafike, ndi Bhogi, lotsuka m'nyumba, kupaka laimu ndi kutentha mphasa zakutha ndi madengu othyoka m'mbandakucha. M'midzi amasomeka masamba a nimu ndi maluwa a kutchire patsindwi. Ku Chennai, likulu la Tamil Nadu, utsi wa tsikuli umachuluka mpaka zaka zina ndege zimachedwa, ndiye ngati muli ndi chifuwa cha mphumu mukhale m'nyumba.

Tsiku lachitatu ndilo mwamva kuti amapembedza ng'ombe. Dzina lake ndi Mattu Pongal. Ng'ombe amazisambitsa, nyanga amazipala n'kuzipaka utoto wowala, amaziveka nkhata za maluwa ndi mabelu, n'kuzidyetsa phala lija ndi nzimbe. Tsikuli goli sizisenza. Ndi zoona kuti Ahindu amaiona ng'ombe ngati yopatulika, ndipo amazunguliza lawi la moto patsogolo pake monga achitira kwa milungu yawo, choncho apanso mutha kuima pambali. Koma ndinaona mlimi wachikulire atakumbatira khosi la nkhunzi yake akuinong'oneza kukhutu, ndipo ndinaganiza za ng'ombe za ngolo za kwathu zimene zimakoka katundu chaka chonse, malipiro ake chikwapu. Pamenepo ndinaphunzirapo kanthu. M'mabanja ena, masiku omwewa amayi amaika timibulu ta mpunga wa mitundumitundu pa masamba a chikasu kuti akhwangwala adye, akupempherera alongo awo.

Popeza mukupita ku Madurai, anyamata a pabanjapo adzafuna kukutengerani ku jallikattu, masewera ogwira nkhunzi pa linunda imene yatulutsidwa pa kachipata kopapatiza. Otchuka kwambiri amachitikira ku Avaniyapuram, Palamedu ndi Alanganallur, motsatizana masiku atatu. Khoti lalikulu la India linaletsa masewerawa mu 2014 chifukwa cha nkhanza kwa ziweto. Mu Januwale 2017 anthu miyandamiyanda anadzaza gombe la Marina ku Chennai kuchita zionetsero, boma la Tamil Nadu linasintha lamulo, ndipo mu Meyi 2023 khoti lomwelo linavomereza kusinthako. Kwa eni ake ndi nkhani ya ulemu wa mtundu wawo, musaipeputse pocheza. Koma anthu amavulala, ena amafa, oonerera omwe, ndipo dzuwa ndi chikhamu n'zosautsa. Inu muonere pa TV muli pakhonde.

Tsiku lachinayi, Kaanum Pongal, ndi loyenderana. Mabanja amanyamula zakudya kupita kumtsinje kapena kugombe, ndipo m'nyumba zambiri nyama ya mbuzi ndi nkhuku zimabwerera patebulo. Ya ng'ombe musaitchule n'komwe.

Za mphatso musavutike nazo mtima. Atamil amakonda khofi kwambiri, choncho khofi wa ku Mzuzu adzalandiridwa ndi manja awiri, chimodzimodzi tiyi wa ku Thyolo kapena Mulanje ndi mtedza wa makademiya. Zitenje zowala mitundu za amayi a pakhomopo ndi zabwino, koma zakuda musatenge, ndiponso chilichonse chachikopa cha ng'ombe chitsale. Iwo mosakayika adzakupatsani sari yatsopano, chifukwa kugawa zovala ndi mbali ya mwambowu. Ilandireni, ndipo mukalola kuti mtengwa wanu akuvekeni tsiku lalikululo mudzakhala mwawagwira mtima. Mukafuna kuvala chitenje ndi duku lanu palibe adzakudabweni. Nsapato muzivula pakhomo. Kudya, kupereka ndi kulandira, zonse ndi dzanja lamanja. Mudzadyera pa tsamba la nthochi, ndipo mukamaliza mulipinde chokokera kwa inu, kusonyeza kuti mwakhuta ndipo mwakondwa, chifukwa kulipinda chokankhira kutsogolo ambiri amachita pamaliro. Mawu atatu akukwanirani: vanakkam popereka moni, nandri pothokoza, ndi podhum, kutanthauza zakwana. Liwu lachitatuli mudzalifuna kwambiri, popeza sasiya kuonjezera mpaka mutaphimba tsamba ndi dzanja. Zina zonse funsani mtengwa wanu, paja safunsa anadya phula.

Ulendo wake ukonzedwe msanga. Sabata ya Pongal anthu a m'mizinda amakhamukira kumidzi, sitima ndi mabasi zimadzaza kudakali milungu. Kuchokera ku Chennai kufika ku Madurai ndi makilomita pafupifupi 460, maola 8 pa sitima, ndiye mwana wanu agule matikiti akangotsegulira kugulitsa. Mufike masiku atatu kapena anayi Bhogi isanakwane kuti thupi lizolowere tsabola ndi nthawi, pakuti wotchi yawo ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi theka. Mukamakonza visa mufunsenso za khadi ya katemera wa yellow fever, popeza mudzadutsira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna musadzidzimuke nacho. Mapemphero a m'mawa uja akatha, achinyamata amapita kwa akuluakulu mmodzimmodzi, amagwada kapena kugona chafufumimba n'kukhudza mapazi awo. Mwana wanu ndi mkazi wake adzabwera kwa inu pamodzi, mwina inuyo poyamba, chifukwa ndinu mayi a mwamuna ndiponso mwachokera kutali. Musabweze mapazi. Sakukupembedzani, akupempha dalitso, ndipo palibe mawu oikika amene muyenera kunena. Wamkulu amaika manja pamitu pawo, amanena zakukhosi kwake, n'kuwapatsa kandalama. Mukonzeretu envulopu ya marupi 501 kapena 1,001, chifukwa kumeneko ndalama ya mphatso amaionjezera rupi imodzi pamwamba kuti isathere pa ziro. Ndipo dalitsolo mulinene m'Chichewa, mokweza, m'dzina la Mulungu amene mumamutumikira, monga mukanachitira pa ukwati uja munalephera kupitako. Mwana wanu adzamasulira asewere anu pambuyo pake.